Mphindi Zisanu za Dona wa ku Cashan

Ndine telala. Kusoka ndinaphunzira kwathu ku Ntcheu ndili mtsikana, ndipo pamene ndinkatsatira abambo akunyumba kuno ku Joni, makina anga ndinabwera nawo, mutu wake nditaukulunga m'bulangete n'kuufukata pamiyendo ulendo wonse wa pabasi. Takhala ku Freedom Park zaka zambiri, mu mkhukhu wa zipinda ziwiri umene abambowo anamanga okha ndi malata akale. Iwo anagwira ntchito yobowola mwala pansi mu mgodi mpaka chifuwa chinawatulutsamo. Pa nthawi ya nkhani iyi anali atasiya kale ntchito, ndipo kuchoka pakhomo kukafika pa mpopi ankaima kawiri panjira kuti apeze mpweya.

Chizungu changa n'cha Sitandade 8, chowonjezera n'cha mumsewu. Kugula zinthu, kufunsa njira, kukangana ndi woyendetsa takisi, zonsezo ndinkatha. Ndinkayesa kuti n'chokwanira, mpaka tsiku limene ndinalowa m'nyumba ya mayi wina wachizungu ku Cashan.

Amene anandipezera ntchitoyo ndi mnzanga wa mu Mvano, mayi wa ku Balaka amene ankachapa ndi kusita m'nyumbamo masiku atatu pa sabata. Anandiuza tikutuluka m'tchalitchi kuti bwana wake wamkazi akufuna munthu womusokera makatani a nyumba yonse, nsalu anagula kale, ndipo mnzangayo anatchula ine.

"Koma mukapirire, amayi," anatero. "Munthuyo pakamwa pake m'potentha. Ine ndatha naye zaka zisanu chifukwa chongoyankha kuti eya."

Mzunguyo ndimutchula kuti dona, osati adona. Ulemu umenewo ndinamulanda kalekale.

Nyumbayo inali m'munsi mwa phiri, mu msewu wa mitengo yamithunzi. Mpanda wake unali wautali, pamwamba pali mawaya a magetsi, ndipo geti lachitsulo linkatseguka ndi rimoti basi. Kuseri kunali agalu awiri aakulu ngati ana a ng'ombe. Donayo anali wamtali, wowonda, wa msinkhu wanga womwe, magalasi ake akulendewera pa kachingwe m'khosi. Sankalankhula Chibunu ngati azungu ambiri a kuno. Chake chinali Chizungu chokhachokha, chothamanga, chotulukira m'mphuno. Moni wanga sanauyankhe. Anangondiloza makwerero n'kundiuza kuti ndiyambire zenera lalikulu la pabalaza.

Ndinakwera, ndinakola tepi pa chitsulo chokolekapo makatani n'kuitsitsa mpaka pansi. Ndili pamwamba pomwepo, dona anafunsa ali m'munsi, maso ali pa foni yake:

"So, how long?"

Ndinayang'ana tepi. Inatsala pang'ono kukwana mamita atatu, ndipo powonjezera popinda ankakwana ndithu.

"Three," ndinayankha.

Anadzutsa mutu koyamba, n'kumwetulira. Anati n'zabwino kwambiri, sankayembekeza. Ine ndinadabwa kuti munthu angakondwe bwanji ndi kutalika kwa zenera lake lomwe, koma ndinangoti ndi za azungu. Ndinayeza mazenera onse asanu ndi anayi, ndinalemba m'kope langa, ndipo mwamuna wake ananditula ndi galimoto pa renki ya matakisi, ine ndi mipukutu ya nsalu yolemera, yobiriwira motuwa.

Tsiku lachitatu masana foni inalira. Ndinali nditangomaliza kudula nsalu ya mazenera awiri okha, chifukwa pa mkhukhu wathu palibe malo oyalapo mamita atatu. Ndinkayala panja pa mphasa, mphepo ikaleka. Dona anafunsa kuti ndifika nthawi yanji ndi makatani. Ndinati makatani ake ati? Anayamba kukuwa. Mawu ambiri anandipitirira, koma amene ndinawagwira anali okwanira: ndinamulonjeza masiku atatu, wayitana alendo Loweruka, ndine wabodza, anthu ngati ife ndi mmene tilili. Ndinayesa kunena kuti ine ndinkanena mamita. Anati ndisamupusitse, anafunsa funso losavuta ndipo ndinayankha ndi pakamwa panga. Anadula foni.

Abambo anali atakhala pa kabenchi pakhomo, akumva zonse. Nditawafotokozera anayamba kuseka, kusekako kunasanduka chifuwa, ndipo ndinachita kuwapatsa madzi.

"Mayi, mawu amenewo ndi msampha," anatero atapuma. "Ifenso timati nsalu yaitali, nthawi yaitali, koma timatchula chinthucho. Iwo amangoti how long, basi, zinazo uzidziwire wekha. Chingwe, how long. Ulendo, how long. Maliro, how long. Ukayankha nambala yokha, iye amaikapo zimene zili m'mutu mwake."

Anandiphunzitsa madzulo amenewo mmene iwo anaphunzirira pansi mu mgodi. Anati nambala isamayende yokha. Uzinena nambala, kenako muyeso wake, kenako mawu aja: three metres long. Ikakhala nthawi, uzinena kuti it takes two weeks, kapena for two weeks. Ndinabwereza ngati mwana wa sukulu, uku ndikupalasa makina. Zinandiwawa kuti pa msinkhu wanga ndikuphunzitsidwa kuyankha funso, koma ndinatsimikiza mtima kuti mkazi uja sadzandigwiranso pa nambala.

"Koma musaganize kuti iwo amatsata zimenezi," anawonjeza abambo. "Pansi paja kapitawo akati bowo likhale one point two, ndiye kuti one point two, amabwera ndi ndodo kudzayeza. Koma yemweyo akakuuzani kuti chikepe chokutulutsani chifika just now, khalani pansi, vulani chipewa. Tinkadikira mpaka thukuta kuuma."

Ndinamuimbira dona m'mawa mwake n'kumuuza mawu onse bwinobwino, kuti ntchitoyo itenga masabata awiri. Anapumira m'mwamba ngati ndamupha m'bale, n'kunena kuti alibe kuchitira mwina.

Masabata awiri atakwana ndinanyamula makatani m'zikwama ziwiri zazikulu za mizeremizere, ndinakwera matakisi awiri, ndipo ndinafika pa geti nthawi imene tinapangana, naini koloko. Ndinaliza belu. Kunalibe munthu, linali tsiku limene mnzanga uja sagwira ntchito. Ndinaimba foni. Dona anati ali kokonzetsa tsitsi, afika just now. Ndinakumbukira mawu a abambo, koma ndinati mwina pamwamba pano zimasiyana ndi pansi. Ndinakhala pa chikwama. Linali dzuwa la mwezi wa khumi, lija limasungunula phula. Galimoto ya alonda inadutsa kawiri, kachitatu inaima, ndipo mlonda anandifunsa m'Chitswana chimene ndikufuna pamenepo. Ndinachita kumutsegulira chikwama kuti aone nsalu. Nditaimbanso, dona anati now now. Nditaimba kachitatu anati two ticks, mawu amene mpaka lero sindinawamvenso kwa munthu wina. Anafika dzuwa litapendeka, tsitsi lili nyezinyezi, n'kundifunsa ngati ndadikira nthawi yaitali. Sanadikire yankho. Geti linali litayamba kale kutseguka.

Ndinakoleka makatani onse tsiku limenelo. Sindidzitama, koma anagwa bwino. Mapindo ake anali ofanana ngati oyeza ndi rula. Dona anayenda chipinda ndi chipinda, kenako anaima pabalaza, anavala magalasi, anagwada, n'kuyang'ana pamene nsalu ikukumana ndi matailosi.

Anati atalika. Ndinatulutsa tepi n'kufunsa kuti atalika ndi masentimita angati. Anati asachite kuwerenga, ndingochotsa a tad.

Sindinawadziwe mawuwo. Ndinafunsa kuti ndi masentimita angati. Anakweza zala ziwiri n'kusiya kampata pakati, koma zalazo zinkasuntha. Ndinabwerera nawo kunyumba makatani a pabalaza, ndinamasula msoko wonse wa m'munsi, ndinachotsa masentimita awiri, ndinasita, ndinasokanso. Nditabwera nawo anati tsopano afupika, akuoneka ngati buluku la mwana amene wakula. Nditsitse a touch. Ndinatsitsa sentimita imodzi. Ulendo wachitatu anati a hair, kutanthauza mulingo wa tsitsi limodzi. Tsitsi! Nsalu yolemera ngati chikopa, mamita atatu m'litali, mapanelo anayi, ndipo munthu akuti ndisunthe ndi tsitsi limodzi. Ulendo uliwonse ndi matakisi anayi, kupita ndi kubwera, chikwama chili pamutu. Msoko uliwonse ndikamasula, singano inkasiya timabowo pa nsalu, ndipo iye ankatiwona timabowoto n'kundifunsa ngati ndinaphunziradi kusoka.

Chimene chinkandipsetsa mtima si kuvuta kwa maso ake. Makasitomala ovuta ndawaona ambiri, ngakhale akwathu omwe. Chinkandiwawa n'chakuti mkazi yemweyo amene ankagwada pansi kufunafuna tsitsi limodzi pa nsalu yake, sankatha kusiyanitsa mphindi zisanu ndi maola atatu zikakhala zanga. Chinthu chake ankachiyeza ndi diso lakuthwa. Nthawi yanga ankaiyeza ndi pakamwa. Ndinayamba kuwasunga m'mutu mawu ake onse. In a minute anali theka la ola. Won't be long linali ola lathunthu kapena awiri. A couple of days inali sabata. Koma ine ndikachedwa ndi mphindi khumi chifukwa takisi yachedwa kudzaza, ankandilozera wotchi ya pa mkono n'kutchula nambala yake yeniyeni, ten minutes late, osaphonya.

Ndinadandaula kwa mnzanga wa mu Mvano. Anati, "Ndinakuuzani, amayi. Mezani. Yatsala pang'ono." Ndinameza.

Tsopano abambo anali ndi tsiku lawo ku kiliniki ya m'tauni, kumene amayeza mapapo a anthu amene anagwira ntchito mu mgodi. Tsikulo tinalidikira miyezi. Anatipatsa kakhadi kolembapo Lachinayi, leveni koloko m'mawa, ndipo anatichenjeza kuti wochedwa amabwerera kumapeto kwa mndandanda. Okha sakanatha kupita. Kuchokera pa renki ya m'tauni kukafika kumeneko pali kamtunda, ndipo amafunika munthu wowagwira mkono ndi kuwanyamulira mapepala.

Lachitatu dona anaimba. Anati mawa ndibwere ndidzakoleke makatani a pabalaza komaliza, chifukwa Lachisanu kukubwera apongozi ake. Ndinamuuza za kiliniki. Ndinanena pang'onopang'ono, mawu onse, kuti pofika hafu teni ndiyenera kukhala ndili pa renki. Anati palibe vuto. Ndifike eyiti koloko, ntchitoyo ndi ya half an hour, tops, ndipo iye mwini adzandithamangitsira m'tauni pa galimoto. Anachita kubwereza kuti akulonjeza.

Abambo sanakondwe nazo. "Mayi, mwaiwala chikepe chija?" anatero. Ine ndinati ndikufuna ndithane naye mkazi ameneyu, ndisadzamuonenso. Tinapangana kuti iwo akwere takisi pa Freedom Park ndi anthu ena, akatsike pa renki ya m'tauni, akandidikire pa benchi ya pafupi ndi amayi ogulitsa zipatso.

Ndinafika eyiti isanakwane. Dona ananditsegulira yekha, atavala kale zotuluka, makiyi ali m'manja. Ndili pa makwerero ndi panelo loyamba, anasuzumira pabalaza n'kunena kuti mkaka watha, akungothamangira ku shopu ya pakona.

"Five minutes," anatero, atatambasula zala zisanu.

Ndinamva galimoto ikutuluka, geti likutsekeka, eyiti itangodutsa ndi mphindi zisanu. Sindinade nkhawa. Shopuyo ndinkaidziwa, munthu ukhoza kupita wapansi.

Hafu eyiti itangodutsa ndinali nditamaliza. Ndinapinda makwerero, ndinatola timaulusi pansi, ndinakhala pa sitepe ya pakhonde ndi chikwama changa. Naini koloko inakwana. Ndinaimba, foni inalira mpaka kuleka. Hafu naini ndinaimbanso, anayankha kuli phokoso la makapu ndi anthu oseka. Anati wakumana ndi mnzake, akubwera, on my way. Ndinamukumbutsa za kiliniki. Anati eya, eya, akukumbukira, two minutes.

Pakhomopo ndinali ndekha, popeza mnzanga uja Lachinayi sankagwira ntchito. Ndinapita pa geti. Ndinalikankha, ndinalikoka, silinasunthe. Kageti kakang'ono ka anthu oyenda pansi kanali ndi loko. Ndinayang'ana mpanda: wautali kuposa ine kawiri, pamwamba mawaya akulira kuti tiki, tiki. Ndinaganiza zotenga makwerero aja, koma ndikanatsikira pati mbali inayo, ndipo mawayawo ndikanawadumpha bwanji? Agalu anali atandiona ndikuyendayenda ndipo anayamba kudzigwetsera pa waya wa khola lawo. Mumsewu simunkadutsa munthu wapansi. Ndinafuula kawiri, anandiyankha ndi agalu a nyumba zina.

Teni koloko abambo anaimba. Anati afika, akhala pa benchi. Ndinati ndikubwera. Ndinadzimva ndekha ndikunena bodza lomwelo limene ndinkauzidwa, ndipo ndinachita manyazi. Hafu teni ndinawauza zoona, kuti ndatsekeredwa. Ndinamva mpweya wawo ukulira mu foni, kenako anati ayesa kuyenda okha.

Dona anasiya kuyankha foni. Ndinaimba kasanu ndi kawiri.

Zimene zinachitika m'tauni ndinazimva pambuyo pake. Abambo anayenda theka la njira, akupuma pa zipupa za mashopu. Pafupi ndi maloboti mpweya unawathera, anakhala pansi m'mbali mwa msewu, mapepala ali pa chifuwa. Anthu ankawalambalala poyesa kuti aledzera. Amene anawadzutsa ndi bambo wina wa ku Mangochi wogulitsa malamba ndi zipewa, amene anawamva akudandaula m'Chichewa. Anasiya katundu wake kwa mnzake, anawagwira mkono mpaka pa kiliniki. Anafika thwelofu itadutsa. Mlembi anayang'ana kakhadi, anayang'ana wotchi, n'kuwalembera tsiku lina, miyezi inayi kutsogolo. Bambo wa ku Mangochi uja ndi amene anandiimbira pa foni ya abambo, kundiuza kuti wawakweza takisi yobwerera kunyumba, ndisade nkhawa kwambiri, koma munthu wodwala chonchi asamayende yekha. Anandidzudzula mwaulemu.

Ndinalira pang'ono pa sitepe paja, kenako misozi inauma. Chimene chinatsala chinali chozizira. Ndinayang'ana foni, ndinawerenga maola ndi zala, ndipo ndinakonza chiganizo changa m'Chizungu, mmene abambo anandiphunzitsira, nambala ndi muyeso wake. Ndinachibwereza mpaka chinakhala bwino pa lilime.

Geti linatseguka wani koloko itadutsa ndi mphindi khumi ndi zisanu. Dona anatsika ndi zikwama za mapepala za m'mashopu a zovala. Mkaka sindinauone. Anandiyang'ana ngati wapeza mphika umene anauiwala pamoto.

"Oh! Was I long?"

Ndinaimirira. "I waited five hours and ten minutes," ndinatero.

Anaseka pang'ono. Anati ayi, sizingatheke, sizinafike pamenepo, mwina maola angapo chabe. Ndinamuonetsa foni. Sanaiyang'ane. Ndinamuuza kuti amuna anga agwa mumsewu ndipo ataya tsiku lawo. Anati pepani, koma kiliniki imatsegula tsiku lililonse, akhoza kupita mawa. Ankalankhula uku akulowa m'nyumba, ndipo ine ndinamutsatira, sindikudziwa chifukwa chake. Mwina ndinkafuna aime, andiyang'ane kumaso.

Anaima, koma pabalaza. Anaika zikwama pa mpando, anavala magalasi, anagwada pa zenera lalikulu. Anakhudza m'munsi mwa katani ndi chala. Anati la kumanzereli likadali lalitali pang'ono, just a smidge, ndipo popeza ndili pomwepo ndikhoza kulikonza, sizitenga nthawi.

Sizasi yanga yaikulu inali m'thumba la epuloni. Sindinama kuti sindinkadziwa chimene ndikuchita. Ndinkadziwa. Ndinapita pa katanilo, ndinaligwira mu msinkhu wa bondo langa, ndipo ndinadula kuchokera mbali ina kukafika mbali ina. Nsaluyo inali yolimba, inatenga kanthawi, ndipo dona anangoti kukamwa yasa, ali chigwadire. Chidutswa chinagwa pa matailosi. Ndinachitola, ndinachiyeza ndi tepi pamaso pake.

"Forty-five centimetres shorter," ndinatero, n'kumuika chidutswacho m'manja.

Pamenepo ndiye anakuwa. Anatchula apolisi, anatchula mapepala anga, anatchula dziko lathu ndi mawu amene sindingalembe. Ine Chizungu chinandithera, ndinayamba kumuyankha m'Chichewa, zonse zimene ndinameza kwa mwezi ndi theka. Ndinamuuza kuti ndi mfiti yodya nthawi ya anthu, kuti amuna anga anasiya mapapo awo pansi pa nthaka imene iye amayendapo ndi galimoto. Sanamve liwu ndi limodzi lomwe, koma anabwerera m'mbuyo. Ndiye ndinazindikira kuti sizasi ikadali m'dzanja langa. Ndinaibweza m'thumba. Ndinamulozera geti. Anadina rimoti, ndipo ndinatuluka n'kuyenda wapansi mpaka ku msewu waukulu.

Kunyumba ndinapeza abambo atagona chagada, nsapato zili kuphazi. Ndinawavula, ndinawatenthetsera madzi. Nditawauza zimene ndachita sanaseke. Anati, "Ndiye mwapindulanji? Tsiku langa labwerera?" Ndinati ayi. Anatembenukira kukhoma. Masiku awiri sanandilankhule kupatula kupempha madzi, ndipo sindinadziwe ngati akwiyira katani kapena kuti ndinawasiya okha pa renki. Sindinafunse.

Apolisi sanabwere. Ndinawadikira sabata yathunthu, mapepala anga ndi a abambo ndili nawo pafupi mu envelopu, koma sanabwere. Amene anabwera ndi mnzanga wa mu Mvano. Anafika Loweruka masana, sanalowe m'nyumba, anakana mpando. Anaima pabwalo, anthu a mikhukhu yoyandikana akumva.

"Amayi, mwandichita zotani?"

Anati Lachisanu m'mawa atafika ku ntchito anapeza zovala zake za ntchito zili mu pulasitiki pa geti. Dona analankhula naye pa kabokosi ka pa geti, osatuluka. Anati sakufunanso munthu wa ku Malawi pakhomo pake, popeza amabweretsa anzake amisala onyamula mipeni.

"Zaka zisanu," anatero mnzangayo. "Ana anga awiri ali ku sekondale ku Balaka. Inu mwapsa mtima tsiku limodzi. Ine ndimapsa mtima tsiku lililonse, kodi mumayesa ndilibe mtima? Kodi mumayesa ine sananditsekerepo?"

Ndinayesa kufotokoza za kiliniki, za abambo kugwa mumsewu. Anati zimenezo wamva, ndipo n'zomvetsa chisoni, koma katanilo silinali kiliniki. Ndinati pepani. Anati pepani wangayo ndimusunge. Anatembenuka n'kumapita, ndipo ndinamuyang'ana mpaka anakhota pa shopu ya bambo wa Chisomali.

Nkhaniyo inafika ku mpingo. Amayi a Mvano anagawikana: ena ankandigwira dzanja mwamphamvu potuluka, ena anasiya kundipatsa mayunifolomu awo kuti ndisoke. Amayi a abusa anatiyitana awirife kuti atiyanjanitse. Tinapemphera, tinagwirana chanza, koma dzanja lake linali ngati mtengo. Patapita miyezi iwiri anapeza ntchito ina kwa amwenye m'tauni, ya masiku awiri okha, yolemetsa kuposa yoyamba. Ndinamusokera ana ake mayunifolomu a sukulu n'kumutumizira kudzera mwa mayi wina. Anawalandira, chifukwa anawo ankawafuna, koma sananditumizire mawu.

Abambo anayezedwa pa tsiku latsopano lija. Tinanyamuka m'mawa kwambiri, tinafika zitseko asanatsegule, ndipo ndinawagwira mkono njira yonse. Pobwerera anafuna kuti tidutse pa maloboti paja akathokoze bambo wa malamba, ndipo tinamupeza. Anakana chilichonse, anangofunsa za kumudzi.

Anthu amandifunsa ngati ndimadandaula. Za mnzanga, eya, ndimadandaula, ndipo mpaka pano m'tchalitchi amakhala benchi ya kutsogolo, ine ya kumbuyo. Tikakumana pa khomo timapatsana moni wa anthu ongodziwana nkhope. Za dona, ayi. Ndayesa kumupempherera monga amatiphunzitsira, koma ndikafika pa iye pakamwa pamauma. Ku Cashan sindinapiteko kuchokera tsiku limenelo, ndipo makatani ndinasiya kusoka. Masiku ano ndimasoka madiresi a ukwati ndi a zinkhoswe kwa amayi a Chitswana a ku Bethanie, amene amabwera okha pakhomo, amakhala pa kabenchi ka abambo, n'kumakangana nane za mtundu wa ulusi.